Za Pansi pa Thumba

Ndagulitsa mbatatesi ndi anyezi pamsika wa Kalimati zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo palibe tsiku lomwe ndinalipirapo mtengo woyamba kutchulidwa. Kaya kwa madalaivala a malole ochokera kumalire, kaya kwa dokotala wa mano, kaya kwa wansembe amene anatidalitsira nyumba. Mtengo woyamba ndi moni chabe. Amene amaulipira ndi munthu woti ndalama yake sanaikhetsere thukuta.

Mbali inayo ndimaidziwanso. Kasitomala akandikakamira mpaka kukhosi kundiuma, sindilimbana naye mpaka dzuwa kupendeka. Ndimamwetulira, ndimamutchula kuti Didi, ndiye kuti achemwali, n'kunena kuti, "Chabwino, Didi, mwapambana." Kenako dzanja limalowa pansi pa thumba, kumene kuli zobiriwira ndi zoyamba kununkha, pamwamba n'kuikapo zinayi zokongola. Amapita akusekerera. Aliyense wa pamsika amadziwa zimenezi. Ndazinena poyambirira kuti pasapezeke wondimvera chisoni poganiza kuti sindinkadziwa.

Mwana ndili naye mmodzi, Ranjana. Bambo ake, a Tek Bahadur, anagwira ntchito ya zomangamanga ku Qatar zaka khumi ndi chimodzi. Ndalama zonse ankaziika ku sahakari ya m'dera lathu, mabungwe osungitsa ndalama aja, poti inkapereka chiwongoladzanja choposa cha kubanki. Tsiku lina tinapeza pachitseko pali loko, wapampando atakwera ndege. Patatha miyezi iwiri a Tek Bahadur anagwa pamasitepe, mbali ya kumanja n'kufa. Tsopano amakhala pamwamba pa nyumba kuwothera dzuwa ndi kuingitsa nkhunda pa tsabola amene ndimayanika. Mawu atsala nawo ochepa, ndipo limene amalikonda ndi lakuti "basi".

Nthawi imeneyo Ranjana anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndani ankayenera kuwayang'anira anthu amenewa?" Palibe anamuyankha, ndiye atakula anapita kuyunivesite kukalifuna yankholo.

Ine sukulu ndinalekera kalasi yachiwiri. Zimene ankaphunzira sindinkazimva, ndipo ndinalibe nthawi yozimvera. Tsiku lina tikudya ndinamufunsa kuti, "Ndiye mabuku onsewa n'kuti ukakhale kalaliki wa kubanki?"

"Ayi, Ama. Mukuwadziwa anthu aja amabwera kudzayeza masikelo anu?"

"Akuba aja."

"Ngati amenewo, koma oyeza mabanki. Ndalama ikamachoka ku Qatar kubwera kuno imadutsa m'mabanki atatu, m'maiko atatu, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Pamene malamulowo sakulumikizana m'pamene mbala zimadutsira. Chinthu choyamba chimene amatiphunzitsa n'chakuti ndalama iliyonse uziifunsa kuti yagona kuti, yachokera kwa yani. Ngakhale ikhale ya mayi ako."

"Ya mayi ako yachokera m'mbatatesi. Idya, mpunga ukuzizira."

Anamaliza ali woyamba m'kalasi mwawo. Kenako kunabwera kalata yochokera ku yunivesite ina ya ku Mangalande. Anamupatsa malo oti akaphunzire chaka chimodzi za malamulo oyang'anira mabanki a m'maiko osiyanasiyana, fizi yonse alipira okha. Anandiwerengera kalatayo kawiri. Bambo ake anamugwira pamutu ndi dzanja lamoyo lija, ndipo tsiku limenelo sananene kuti basi.

"Ndiye vuto lili pati?" ndinafunsa, poti nkhope yake ndimaidziwa.

Vuto linali viza. A ku ofesi ya kazembe amafuna kuona kuti mwana ali ndi ndalama zodyera ndi zogonera akafika. Ndalamazo zikhale m'banki, m'dzina lake kapena la kholo lake, masiku 28 osasuntha. Pa ndalama zathu zinkakwana malaki 20. Ine laki imodzi yokha, marupi zikwi zana limodzi zija, ndinali nditaiona ili pamodzi kangapo kokha moyo wanga wonse.

"Ukawauze kuti tili ndi malaki atatu, enawo tidzatumiza."

"Sakambirana, Ama."

"Palibe munthu wosakambirana."

"Si munthu. Ndi lamulo. Ndipo thandizo la fizili sasungira munthu. Ndikapanda kupita chaka chino, apatsa wina."

Chinthu chogulitsa tinali nacho chimodzi, munda wa m'phiri ku Dhading, gawo la a Tek Bahadur pa malo a makolo awo. Wogula analinso mmodzi, mlamu wanga Khem, mng'ono wawo, amene munda wake umachita malire ndi wathu. Ndinamuimbira foni. Anati malaki 21. Ndinati 26. Anati kulibe msewu, madzi ndi a mvula okha, anyani amamaliza chimanga. Ndinati anyaniwo ndi abale ake, akambirane nawo. Anadula foni.

"Malaki 21 akukwana," anatero Ranjana. "Gulitsani, Ama. Pepala logulitsira munda lidzasonyeza kumene ndalama yachokera, zonse zidzakhala zoyera."

"Akwera. Amaufuna mundawo kuposa mmene amafunira mkazi wake."

"Masiku akutha."

"Ndati akwera. Iwe werenga mabuku ako, za malonda undisiyire."

Khem sanakwere. Ankadziwa kuti tili pa changu, ndipo munthu wa changu ndi nkhuku yomanga kale miyendo. Ineyo ndikanachita chimodzimodzi. Koma kumupatsa munda wa malaki 26 pa 21, iye amene sanabwere ndi nthochi imodzi yomwe pamene mkulu wake anali m'chipatala, mtima wanga unakana.

Pafupi ndi ine pamsika pamakhala Junu, wogulitsa tomato, mkazi wa pakamwa posatseka. M'mawa wina akupukuta tomato wake ndi nsanza anandiyang'ana.

"Iwe Harimaya, nkhope ngati anyezi wa chaka chatha, kwagwanji?"

Ndinamuuza. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye ugulitse munda chifukwa cha masiku 28? Ana onse a ku Australia aja ukuganiza makolo awo anali ndi malaki? Shrestha wosoka nsapato uja, amene mwana wake anapita, anali ndi malaki? Ndalama amabwereka yongoonetsa, mwana wa amayi. Imagona m'buku lako masiku awowo, azungu aiona, n'kubwerera kwa mwini wake. Ngati mbale za paukwati. Umagula mbale mazana atatu chifukwa cha tsiku limodzi?"

"Nanga akakafika adya chiyani?"

"Atsuka mbale m'malesitilanti ngati anzake. Manja alibe?"

Anandipatsa dzina la munthu, Dhungel, kudera la maofesi la Putalisadak, nyumba yosanja, chipinda chachitatu kuchokera pansi.

Ndinapita masana, msika utazizira. M'makoma munali zithunzi za milatho ndi chipale, ndi ana ovala zipewa zamakona anayi. Dhungel anali mwamuna wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, mphete zitatu kudzanja, fungo la perefyumu ngati maliro a munthu wolemera. Anaitanitsa tiyi. Ndinamutchula kuti Bhai, ndiye kuti mchimwene wamng'ono, kuti adziwe kuti ndi wamng'ono kwa ine.

"Malaki 20, masiku 28," anatero akudina kakyuleta. "Zikwi 90, Didi."

"Zikwi 90 za ndalama yongobwera kudzagona? Ikagona kuhotela?"

"Ndalamayo si yanga. Ili ndi mwini wake, ndipo mwini wake amafuna chiwongoladzanja. Mwezi wathunthu ikhala osagwira ntchito."

"Zikwi 20."

Anaseka. "Didi, kuno si ku Kalimati."

"Kulikonse ndi ku Kalimati, Bhai. Kungoti kwinako amavala tayi."

Anatsika kufika 80, n'kunena kuti pansi pa pamenepo ndalama siyenda. Anabwereza kawiri, akundiyang'ana m'maso. Ndinaimirira, tiyi osamaliza, n'kutuluka. Ndinatsika masitepe asanu pang'onopang'ono. Sanandiitane. Ndinabwerera ngati ndaiwala ambulera, n'kunena kuti m'nyumba yomweyi muli maofesi khumi ngati yakeyi, ndipo wa pansi wandiuza 25. Linali bodza. Ndinamuuza za bambo odwala, za sahakari, za mtengo wa anyezi. Ndinamuuza kuti mphete imodzi yokha ya kudzanja kwakeko ingadyetse banja langa chaka. Ndinakhala pampando wakewo ola ndi theka, makasitomala ena akudikira pakhomo, ndipo ndinkalankhula mokweza kuti amve.

Pomaliza anapukuta kumaso ndi kansalu, n'kuika kakyuleta pambali. Anamwetulira.

"Zikwi 30. Chabwino, Didi, mwapambana."

Mawu anga omwe. Ndinawamva ndithu. Ndinatsika masitepe ndikusekerera.

Anandiuza kuti ndikatsegule buku kubanki ina yapafupi, ndiikemo marupi 1,000, nambala ndimupatse. Ndinatero, ndinadinda chala. Anati zotsalazo ndi zake, ndisamapiteko kukafunsafunsa poti mwini ndalama sakonda phokoso. Patatha mwezi anandipatsa envelopu. Munali mapepala atatu okhala ndi chizindikiro cha banki, chidindo chofiirira, siginecha, dzina langa pamwamba, ndi manambala ataliatali pansi. Manambala ndimawerenga. Anali malaki 20 ndi kanthu pamwamba.

Kwa Ranjana ndinali nditanena kale kuti Khem wakwera kufika 23 ndipo ndagulitsa. Nditamupatsa envelopu anapukuta manja, n'kuyala mapepala pabedi. Anawayang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda mzere ndi mzere.

"Mwakatenga kubanki nokha?"

"Ayi, anabweretsa ndi mbalame."

"Pepala logulitsira munda lili kuti?"

"Lili kwa Khem, akukalembetsa ku ofesi ya malo. Ndipo usamuimbire. Zimene wanena za bambo ako sindingazibwereze."

"Ndalamayi yalowa tsiku limodzi yonse. Akhoza kufunsa. Tiyeni mawa tipite limodzi kubanki, ndikangoonana ndi manijala, ndi mphindi khumi zokha."

Pamenepo ndinachita zimene ndimachita kasitomala akayamba kupindula thumba langa. Ndinakweza mawu. Ndinamuonetsa zikhatho zanga, ming'alu yakuda imene sopo sachotsa. Ndinati zaka makumi awiri ndi ziwiri ndadzuka nkhuku zisanalire kuti iye avale nsapato, lero akundifunsa ngati wapolisi. Ndinati ngati kuyunivesite amaphunzitsa kuyesa mayi ako mbala, bola akanakhala pamsika. Ndinati munda wa makolo wapita chifukwa cha iye, zikomo wake ndi ameneyu. Bambo ake anali pakhomo atatsamira ndodo.

"Basi," anatero.

Ranjana anasonkhanitsa mapepala. "Pepani, Ama," anatero, ndipo anagwada n'kundigwira mapazi. Ndinamusiya agwire.

Anapereka mapepalawo ku ofesi ya kazembe Lolemba. Lachitatu ndinapita kumsika wa Asan kukamugulira chikhoti cha kozizira, chakuda, chofika m'mawondo, chokhala ndi ubweya kukhosi. Mwini sitolo anati 6,000. Ndinatenga pa 3,500. Chinali chachikulu pang'ono, koma ndinati kumeneko akanenepa. Anachivala m'nyumba kukutentha, n'kumayenda uku ndi uku akutsanzira mayendedwe a azungu mpaka bambo ake anaseka, malovu akutsika mbali yakufa ija.

Panatha milungu itatu. Tsiku limenelo ndinali kuyezera mayi wina anyezi, dzuwa lili pamutu, nditaona Ranjana akubwera pakati pa matumba. Sabwera kumsika masana. Anaima patsogolo pa sikelo, foni ili kumanja, n'kudikira kasitomala amalize. Sanandipatse moni.

"Tsekani. Tikupita kubanki."

"Nthawi ya malonda ino?"

"Junu Didi, muwayang'anire katundu. Ama, tiyeni."

Junu anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Aka kanali koyamba.

Tinakwera basi. Kubanki tinatenga kapepala ka nambala n'kukhala pamipando yachitsulo. Nambala yathu itaitanidwa anandigwira pamkono n'kundiimika pawindo. Anauza mtsikana wa kuseri kwa galasi kuti mayi awa akufuna kudziwa zimene zili m'buku lawo, ndi zonse zimene zalowa ndi kutuluka chitsegulireni. Ndinadinda chala. Mtsikanayo anadina makina, n'kutulutsa pepala limodzi. Linali ndi mzere umodzi.

"Marupi 1,000, Ama," anatero mtsikanayo mwaulemu. "Palibe china chalowapo."

"Yang'ananinso bwino. Munali malaki 20. Mwina abweza kale kwa mwini wake."

Ranjana anatseka maso nditanena mawu amenewo.

"Sanalowemo n'komwe," anatero mtsikanayo. "Anthu a viza anatifunsanso sabata yatha. Tinawauza zomwezi."

Panja, pafupi ndi mlonda wa mfuti, anandiwerengera kalata ya pafoni, akuimasulira mzere ndi mzere ngati akuwerengera mwana. Viza yakanidwa. Mapepala a banki apezeka kuti ndi abodza. Chifukwa cha chinyengo, asapemphenso kulowa m'dzikolo kwa zaka khumi.

"Zaka khumi ndi mtengo woyamba," ndinatero. "Tipite tikawaone. Ali kuti mkulu wawo?"

"Munda munagulitsa?"

Ndinayang'ana mfuti ya mlonda uja.

"Khem anati 21?"

"Unali wa 26."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza yankho la samu. "Munalipira zingati?"

"Zikwi 30. Ankafuna 90."

Anaseka kamodzi, kuseka kouma. Kenako anakhala pansi pamasitepe a banki, diresi yake yoyera pafumbi, n'kuika nkhope pamawondo. Mlonda anati pamenepo sakhalapo anthu. Ndinamuyankha mawu oti sindingawalembe, ndipo anatisiya.

Kwa Dhungel ndinapita ndekha tsiku lomwelo. Ndinkaganiza kuti ndipeza loko ngati ku sahakari kuja. Ndinamupeza ali pampando wake, akudya mtedza.

"Munandipatsa pepala lopanda ndalama."

"Ndinakuuzani kawiri, Didi. Pansi pa 80 ndalama siyenda."

"Munati ndapambana."

"Pa zikwi 30 mwezi wathunthu, mumaganiza kuti ndani akupatsani malaki 20? Ndinu munthu wamalonda inu." Anapukuta mchere kuzala. "Ambiri amadutsa ndi pepala lomwelo. Sikuti amaimbira banki pa aliyense. Mwana wanu wangochita tsoka."

Ndinati ndipita kupolisi. Anati ndipite, koma dzina la papepala ndi langa, buku ndi langa, amene anakapereka ndi mwana wanga, ndipo iye lisiti sanandipatse. Ndinamugenda ndi kapu ya tiyi. Inaphonya, n'kuswa chithunzi cha mlatho. Anati chithunzicho n'cha 2,000, ndipo kwa kanthawi, Mulungu andikhululuke, pakamwa panga panatseguka kuti ndinene kuti n'cha 500.

Kwa masiku anayi Ranjana sanalankhule nane. Ankaphikira bambo ake, kuwasambitsa dzanja, kuwakweza pamwamba pa nyumba. Tsiku lachisanu m'mawa ndisanapite kumsika ndinamupeza atakhala pakhomo ndi mapepala awiri ndi kabokosi ka inki yodindira chala.

"Pali kanjira kamodzi," anatero. "Ndingawapemphe aunikenso. Viza ya chaka chino yapita, yunivesite yandilembera kale kuti thandizo apatsa wina. Koma zaka khumizo akhoza kuchotsa ngati atakhulupirira kuti ine sindinkadziwa. Pamafunika inu munene zimene munachita, ndi dzina la munthuyo, ndi ofesi yake. Likhoza kukafika kupolisi pepala limeneli. Mukhoza kuitanidwa."

"Werenga."

Anawerenga m'chinenero chathu. Ine Harimaya Khadka, wogulitsa mbatatesi. Zonse zinalimo, Junu yekha anamusiya. Zikwi 30. Envelopu. Kenako panali mzere wakuti, ndinanamiza mwana wanga kuti ndagulitsa munda, ndipo atapempha kuti tipite kubanki ndinamukaniza.

"Pamenepo sintha. Lemba kuti ndinalakwitsa."

"Simunalakwitse."

"Ndiye lemba kuti sindinamuuze zonse. N'chimodzimodzi."

"Si chimodzimodzi."

"Chotsa za kubankizo, zinazo zikhale. Theka ndi theka."

"Pano palibe kutsitsa, Ama." Sanakweze mawu. "Mzere umenewo ndi umene ukundipulumutsa ine. Mukauchotsa, pepala lonse n'lachabe. Dindani lonse kapena musadinde."

Ndinayang'ana kabokosi ka inki. Ndinaganiza za apolisi akubwera pamsika, Junu akuonerera, madalaivala a malole akuseka. Ndinaganiza za anthu onse amene ndinawauza kuti mwana wanga akupita ku Mangalande. Kenako ndinaviika chala n'kudinda mapepala onse awiri, mwamphamvu, mpaka inki inatulukira kuseri.

"Lanu si lokhalo," anatero akuuzira inkiyo kuti iume. "Langa ndalembanso. Ndalemba kuti ndinaona ndalama yalowa tsiku limodzi, ndinakayika, ndipo sindinafufuze. Chaka choyamba, sabata yoyamba, anatiphunzitsa zimenezi. Ngakhale ikhale ya mayi ako. Ndinakhoza mayeso ake ndi mamalikisi onse."

"Ndiye ulembe zimenezo chifukwa chiyani? Ukudzidula wekha miyendo. Chotsa."

"Ndi zimene zinachitika."

"Ndani angadziwe?"

Anandiyang'ana, n'kupinda mapepala.

Yankho linabwera patatha miyezi iwiri, chikondwerero cha Dashain chitayandikira. Apolisi sanabwere, ndipo mpaka lero sanabwere. Dhungel akadali pomwepo, chithunzi china wapachika. Ranjana anandiwerengera yankholo tili pamwamba pa nyumba, ndikutembenuza tsabola. Anati alandira kalata ya mayi. Anati aona kuti wopemphayo ali ndi digiri ya za malamulo a mabanki, anakhoza bwino kwambiri, ankapita kukapitiriza maphunziro omwewo, ndipo iye mwini akuvomera kuti anakayika. Choncho sakukhulupirira kuti munthu wa maphunziro otere akanapereka mapepala amenewa osadziwa. Zaka khumi zikhala.

"Ndiye ukanakhala mbuli ngati ine akanakukhululukira?"

"Mwina."

"Tilembenso. Tiwauze kuti zisanu."

"Ama."

Ndinasiya. Nkhunda zinatera pa tsabola ndipo palibe anaziingitsa.

Ndinamufunsa ngati kulibe maiko ena. Anati alipo, koma pafomu iliyonse amafunsa ngati unakanizidwapo viza ndi chifukwa chake. Ndinamufunsa za ntchito ya oyeza mabanki konkuno. Anati adzayesa, koma akadzamufunsa ngati dzina lake linapezekapo pa mapepala abodza a banki adzayankha zoona, ndipo ndani angapatse sikelo ya boma munthu wotero. Ndinati angokhala chete, si bodza kukhala chete. Masiku ano zambiri sandiyankha. Ulemu amandipatsa, mpunga amandipakulira, Ama amanditchulabe. Koma ndikamuuza kuti mafuta atsika mtengo, kapena kuti mvula ikubwera, amayang'ana kaye yekha pawindo.

Anapeza ntchito pa kawindo kolandirira ndalama zochokera kunja, pafupi ndi depoti ya mabasi ku Gongabu. Akazi a amuna a ku Qatar ndi ku Malaysia amaima pamzere, iye n'kumawafunsa chitupa, dzina la wotumiza, ubale wawo, ntchito imene amagwira. Amafunsa aliyense, ngakhale amene amabwera mwezi ndi mwezi. Bwana wake akuti amachedwetsa mzere. Mabuku ake anawaika m'katoni ya sopo pansi pa bedi, koma ndimaona kuti katoniyo imasuntha malo.

Tsiku lachitatu la Dashain foni inalira ndili pamsika. Anali Khem. Anati wamva kuti msewu udutsa kumunsi kwa phiri, waganiza bwino, magazi ndi magazi, tisadane chifukwa cha dothi. Anati 26 ija wavomera.

Junu ankamvetsera, tomato ali m'manja.

"Wakwera?" ananong'ona.

"Wakwera."

"Ndiye wapambana, mwana wa amayi."

Ndinadula foni osayankha Khem. Panali bambo wina ataima ndi chikwama, akufuna makilo asanu, ndipo anayamba kunena kuti kutsogoloko akugulitsa motsika. Ndinamuuza kuti apite kutsogoloko. Anakakamira. Ndinakhuthula thumba lonse pansi patsogolo pake, zabwino ndi zowola zomwe, n'kumuuza kuti asankhe yekha, mtengo ndi womwewo. Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kupita osagula.

Chikhoti chija ndinayesa kukabweza ku Asan. Mwini sitolo anati katundu wotsitsa sabwerera. Kuzizira kutayamba, Ranjana anachitulutsa n'kuwaveka bambo ake, poti dzanja lakufa lija limalowa bwino m'mkono waukulu. Zipi inaduka sabata yoyamba. Amachimanga ndi chingwe cha thumba la anyezi, n'kukhala nacho pamwamba pa nyumba, ubweya uli kukhosi, akuyang'ana ndege zimene zimanyamuka kummawa kwa mzinda.